Mbiri ya Malemu: Chiyambi cha Mwambo Wokumbukira Amayi Achikhristu ku Chinyunyu

Chinyunyu ndi dera la m'boma la Rufunsa, m'chigawo cha Lusaka ku Zambia, ndipo lili m'mphepete mwa msewu waukulu wa Great East Road umene umachoka mu mzinda wa Lusaka, kuwoloka mtsinje wa Luangwa, kudzera ku Nyimba, Katete ndi Chipata mpaka kukafika m'malire a Malawi ku Mchinji. Apaulendo amalidziwa derali chifukwa cha akasupe a madzi otentha amene amatumphuka pafupi ndi msewuwo, koma kwa eni ake, amene ndi Asoli a Mfumu Bunda Bunda pamodzi ndi obwera amene akhala akukhazikika kumeneko, ili ndi dziko la minda ya chimanga, la matumba a makala ondandalikidwa m'mbali mwa msewu, la matchalitchi ang'onoang'ono a njerwa ndi la manda a m'midzi. Boma la Rufunsa ndi laposachedwa, popeza linapatulidwa ku boma la Chongwe m'chaka cha 2012 pa nthawi ya ulamuliro wa Michael Sata, koma mwambo wokumbukira mayi wachikhristu amene wamwalira atakalamba ndi kusiya ana ndi zidzukulu ndi wakale kuposa bomalo, ngakhale kuti si wamakedzana monga mmene ambiri amaganizira.

Maliro a mayi wotere masiku ano ali ndi dongosolo lodziwika bwino, loti munthu wochokera ku Chipata, ku Lilongwe kapena ku Tete sangasochere nalo. Katundu amatulutsidwa m'nyumba ya siwa, ndiko kuti nyumba imene anthu asonkhanamo kulira, amayi amagona pansi m'katimo akuyimba usiku wonse, pamene abambo amachezera panja mozungulira moto. Pa tsiku loika, amayi a bungwe la mpingo limene malemu ankasonkhana nalo amafika atavala yunifolomu, amanyamula bokosi kapena kuyenda m'mbali mwake, ndipo pakati pa mapemphero mmodzi wa abale amaimirira ndi pepala m'manja n'kuwerenga chimene chimatchedwa mbiri ya malemu. Pakapita chaka kapena zaka zingapo banja limasonkhananso kudzavundukula mwala wa pamanda wolembedwa dzina. Pa zinthu zitatuzi, pepala, yunifolomu ndi mwala wolembedwa, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinalipo m'midzi ya Asoli chisanafike chaka cha 1900, komabe zonse zinadzakhala pa malo amene njira zina zokumbukirira akufa zinali zitakonza kale, ndipo zina mwa njira zakalezo zinamira pamene zina zinangosintha malaya.

Asoli, amene chilankhulo chawo akatswiri amachiika m'gulu limodzi ndi Chilenje, Chiila ndi Chitonga cha kum'mwera kwa Zambia, gulu lotchedwa Bantu Botatwe, kutanthauza anthu atatu, amawerenga mtundu kudzera kwa mayi monga mmene amachitira Achewa, Ansenga ndi Abemba. M'chikhalidwe chotere mwana ndi wa kuchikazi, ufumu umatsata mzere wa amayi, ndipo mwamuna amene ali ndi mawu omaliza pa ana ndi malume awo osati bambo wowabala. Achewa ali ndi mawu amene amalongosola bwino kamangidwe kameneka: mbumba ndi alongo a munthu pamodzi ndi ana awo, amene iye amawaimira monga nkhoswe, pamene bele ndi anthu onse ochokera mwa mayi mmodzi, ngati kuti onsewo anayamwa pa chifuwa chimodzi. Chifukwa cha ichi, kukumbukira gogo wamkazi, amene m'Chinyanja cha ku Zambia amatchedwa ambuya, sikunali nkhani ya chisoni ndi chikondi chokha, koma kunali kudziwa munda umene munthu ali ndi ufulu wolima, banja limene sangakwatiremo ndi mpando umene ana a mlongo wake angadzaulowe. Dzina la mayi amene anali tsinde la mudzi linkatchulidwa pabwalo pa milandu ya malo ndi ya ufumu, ndipo banja limene linaiwala tsinde lake linali pa ngozi yotaya zonse.

Njira zokumbukirira zinali za pakamwa ndi za m'manja. Mwana wobadwa pambuyo pa imfa ankapatsidwa dzina la malemu, kotero kuti akuluakulu ankatha kumutchula khandalo kuti amayi kapena ambuya mosaseka. Pakati pa Atonga, amene Elizabeth Colson anayamba kuphunzira za moyo wawo m'chaka cha 1946, panali mwambo wotchedwa kulya zina, kutanthauza kudya dzina, pamene wachibale wamoyo ankasankhidwa kuti alandire dzina ndi mzimu wa womwalirayo. Pakati pa Achewa, maliro ankatha ndi kumeta, ndipo patapita nthawi kunkafululidwa mowa wa bona, umene unkatsanzika mzimu kuti ukakhale mwamtendere ndi makolo. Ufa kapena mowa wothiridwa patsinde pa mtengo unali nsembe yopepesera gogo amene wabwera kumaloto kudzadandaula kuti waiwalika. Akazi nawonso sanali ongoonerera pa zauzimu, pakuti ku Msinja kunali Makewana, mayi wa ana onse, amene ankayang'anira kachisi wa mvula wa Achewa, anamkungwi ndiwo ankalanga atsikana ku chinamwali, ndipo pakati pa Asoli eniake mpando waukulu wa Nkomeshya wakhala m'manja mwa mayi, Mukamambo II, kuyambira m'zaka za m'ma 1970.

Chikhristu chinafika m'dera lino kuchokera mbali zingapo pa nthawi imodzi, ndipo Chinyunyu chinapezeka pakati pa mamishoni osati pa likulu la mishoni ina iliyonse yoyambirira. Kumadzulo, wansembe wa chipani cha Ajezuiti, Jules Torrend, anatsegula mishoni ya Kasisi pafupi ndi Lusaka m'chaka cha 1905, chaka chomwecho chimene njanji yochokera kum'mwera inafika pa malo amene lero ndi mzindawo. Kum'mawa, Ajezuiti amene anathamangitsidwa ku Mozambique boma la Portugal litasintha m'chaka cha 1910 anawoloka Luangwa n'kukhazikitsa mamishoni a Kapoche ndi Katondwe, ndipo pambuyo pake kunadzakhala mishoni ya Mpanshya, kumene lero kuli chipatala cha St Luke's m'boma lomweli la Rufunsa. Kutali kum'mawa, amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku Orange Free State anayamba ntchito ku Magwero m'chaka cha 1899, ntchito imene inabala mpingo wa Reformed Church in Zambia, pamene a Methodist anali ku Chipembi pakati pa Alenje ndipo a Seventh-day Adventist anali ku Rusangu pakati pa Atonga kuyambira 1905. Mudzi wokhala kutali ndi mishoni unkamuona wansembe kapena mbusa mwa apo ndi apo, akabwera wapansi kapena panjinga kudzabatiza ndi kumangitsa maukwati, ndipo masiku ena onse a chaka Chikhristu chinali m'manja mwa mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi ndi anthu amene ankabwera kudzamumvera.

Anthu amenewo ambiri anali akazi, ndipo chifukwa chake sichinali cha uzimu chokha. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinkapezeka ku mafamu a azungu a m'mphepete mwa njanji, ku mgodi wa Broken Hill kumene lero ndi Kabwe, ku Southern Rhodesia, ku migodi ya mkuwa ya Copperbelt kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndi ku Lusaka mzindawo utakhala likulu la dziko m'chaka cha 1935. Amuna anapita, ena n'kubwerako, ena n'kusanduka matchona, ndipo amene anatsala kulima, kuweta ana, kumata tchalitchi ndi kusunga nyimbo pamtima anali amayi. Mabuku a mbiri ya mamishoni amasunga mayina a ansembe, masiku amene anafika ndi nyumba zimene anamanga, ndipo ena mwa iwo, monga Adam Kozłowiecki amene anapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau, anadzagwira ntchito ku Kasisi ndipo anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka m'chaka cha 1959, akuyeneradi kukumbukiridwa. Koma mayi amene ankasesa tchalitchi Loweruka lililonse kwa zaka makumi anayi salowa m'mabuku amenewo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mkazi wachikhristu wa ku Zambia amene olemba mbiri amamudziwa kwambiri, Alice Lenshina wa mpingo wa Lumpa ku Chinsali, amamudziwa makamaka chifukwa cha magazi amene anakhetsedwa pa nkhondo ya otsatira ake ndi boma m'chaka cha 1964.

Ngakhale zinali choncho, mpingo ndiwo unayamba kulemba mayina a akazi a m'midzi. Boma la atsamunda linkafuna kudziwa amuna okhoma msonkho, pamene buku la ubatizo linkalemba munthu aliyense, dzina lake latsopano, makolo ake, mudzi wake ndi tsiku limene anathiridwa madzi, ndipo khadi la mpingo limene mayi ankasunga m'kachitini kapena pakati pa masamba a Baibulo kawirikawiri linali pepala lokhalo padziko lapansi lotsimikiza kuti iye alipo. Kulembedwaku kunabwera ndi mtengo wake. Amishoni anachokera ku maiko kumene banja limaimira pa bambo, ndipo pang'ono ndi pang'ono mkazi amene m'mudzi mwake anali mwini nthaka, mwamuna wake ali mkamwini chabe, anayamba kudziwika ku tchalitchi ndi dzina la mwamunayo. Panalinso nkhani ya chilankhulo. Chinyanja, chimene chinafalikira mu Lusaka ndi m'madera oyandikana nawo kudzera mwa anthu a kum'mawa, apolisi ndi asilikali, chinali kale ndi Baibulo lonse, Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1922 pansi pa utsogoleri wa William Murray, ndiponso chinali ndi mabuku a nyimbo ndi a katekisimu. Chinyanja chomwecho ndicho chinadzasankhidwa kuti chiziphunzitsidwa m'sukulu za chigawo cha Lusaka, kotero kuti mayi wa Chisoli ankatha kulera ana ake ndi kukalipira mbuzi zake m'Chisoli, koma n'kumawerenga Mawu a Mulungu m'Chinyanja, ndipo nthawi zambiri mbiri yake imawerengedwa pamanda m'Chinyanja kapena m'Chingerezi.

Mkangano waukulu pakati pa mishoni ndi mudzi unagwera pa akazi. Chinamwali chinaletsedwa, mowa wa maliro ndi nsembe za mizimu zinatchedwa zachikunja, ndipo mkazi wachiwiri wa pamitala sankaloledwa ku mgonero kapena ku ukalistiya ngakhale akanakhala wopemphera kuposa onse, chilango chimene kawirikawiri chinkamugwera munthu amene sanasankhe yekha banja lakelo. Koma mipingo inazindikira kuti atsikana sangasiyidwe osalangizidwa, ndipo mpingo wa Dutch Reformed unakonza chilangizo, ndiko kuti chinamwali chachikhristu, m'mene amayi okhulupirika otchedwa alangizi analowa m'malo mwa anamkungwi. Dzina limeneli linakhazikika kwambiri ku Zambia moti lero limagwiritsidwa ntchito ngakhale kunja kwa mpingo. Boma nalo linali ndi maganizo ake pa za mayi wabwino: sukulu ya Jeanes, imene inasamukira ku Chalimbana m'dera la Chongwe m'chaka cha 1939, inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera masukulu, ndipo akazi awo ankaphunzitsidwa kusoka, ukhondo ndi kalerede ka ana kuti akakhale chitsanzo m'midzi. Chithunzi cha mayi wachikhristu chimene chimatamandidwa pamaliro masiku ano, waukhondo, wodziwa kulandira alendo, wosamwa mowa, wolangiza achinyamata, chinawumbidwa m'zaka zimenezi kuchokera ku dothi la mbali zonse ziwiri.

Chimene chinawapatsa amayiwa mphamvu yeniyeni chinali mabungwe awo. Ku England, Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union mu mpingo wa Anglican m'chaka cha 1876; ku South Africa amayi a Methodist anakhazikitsa manyano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kumeneko ndi ku Zimbabwe tsiku Lachinayi linasanduka tsiku la mapemphero a amayi; ku Dublin, Frank Duff anayambitsa Legio Mariae m'chaka cha 1921, ndipo Edel Quinn analifalitsa bungweli kum'mawa ndi pakati pa Africa kuyambira 1936 mpaka imfa yake mu 1944. Ku Malawi, mpingo wa CCAP unakhala ndi Mvano ku sinodi ya Blantyre, Umanyano ku Livingstonia ndi Chigwirizano ku Nkhoma, ndipo dzina la Chigwirizano ndilo limagwiritsidwanso ntchito ndi amayi a Reformed Church in Zambia. Isabel Apawo Phiri, m'buku lake la 1997 lotchedwa Women, Presbyterianism and Patriarchy, anaonetsa mmene akazi a Chichewa anataya udindo umene anali nawo pa chipembedzo cha makolo atalowa mu mpingo wolamulidwa ndi amuna, ndi mmene Chigwirizano chinakhalira malo amene iwo anatha kulalika, kupemphera mokweza ndi kusankha atsogoleri awo. Zomwezi zinachitika ndi amayi a Dorika a mpingo wa Adventist, amayi a Anna Woyera, a Nazareti ndi a Catholic Women's League mu mpingo wa Katolika, ndiponso amayi a United Church of Zambia, mpingo umene unakhazikitsidwa mu Januwale 1965.

Yunifolomu, imene munthu wakunja angaione ngati chovala chabe, ndi mbiri yovala pathupi. Bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera la amayi a Chigwirizano, bulauzi yofiira ya amayi a United Church of Zambia kapena diresi la buluu la amayi a Dorika sizigulidwa ndi kuvalidwa mwa kufuna kwa munthu, koma mayi amavekedwa pamaso pa mpingo ataphunzira ndi kuyesedwa, ndipo angathe kuvulidwa ngati wagwa m'tchimo loonekera. Kufa uli mu yunifolomu, kunena kwake kufa usanachotsedwe m'bungwe, ndi umboni umene sufuna mawu ambiri, ndipo n'chifukwa chake mayi wotere kawirikawiri amaikidwa atavala chovalacho kapena chitayalidwa pa bokosi lake. Ntchito zimene kale zinali za adzukulu, amene pa maliro a Chichewa ndi anthu osakhala achibale osambitsa mtembo ndi kukumba manda, zina mwa izo zinasamukira kwa amayi a bungwe, makamaka kusambitsa ndi kuveka mnzawo, kuphikira olira ndi kuyimba mpaka kucha. Mayi amene kwa zaka zambiri wagona pa simenti ya nyumba za siwa za anthu ena amadziwa bwino lomwe kuti akudziikira nkhokwe, pakuti maliro ndi ngongole imene mudzi suiwala, ndipo kuchuluka kwa maduku pa tsiku lake ndiko chiwerengero choyamba cha moyo wake, chimene chimaoneka pepala lisanawerengedwe.

Pepalalo lili ndi makolo ake m'Baibulo ndi m'mbiri ya mpingo. Mutu 9 wa Machitidwe a Atumwi umasimba za Tabita kapena Dorika wa ku Yopa, amene atamwalira akazi amasiye anazungulira Petro akulira ndi kumuonetsa malaya amene malemuyo anawasokera, ndipo uku kunali kuwerenga mbiri ya malemu ndi nsalu m'malo mwa zilembo. Kalata yachiwiri ya Paulo kwa Timoteo imatchula Loisi ndi Yunike, gogo ndi mayi a mnyamatayo, monga anthu amene chikhulupiriro chinayambira mwa iwo, ndime imene anthu owerenga mtundu kuchikazi sanavutike kuimvetsa. Mutu womaliza wa Miyambo, wonena za mkazi wangwiro, umamveka pa maliro a amayi kuposa pa ukwati. Kunja kwa Baibulo kuli Augustine wa ku North Africa, amene m'buku lake la Confessions analemba za moyo ndi imfa ya mayi ake Monica, amene anamwalira ku Ostia m'chaka cha 387 atawauza ana ake kuti asavutike ndi za malo oika thupi lake koma azimukumbukira pa guwa la Ambuye. Mlaliki wa ku Chinyunyu akasankha imodzi mwa ndime zimenezi amakhala akumuika mayi wa m'mudzi, amene mwina sanafike sitandade 4, mu mzere wa akazi amene mayina awo anasungidwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo osati chifukwa cha amuna awo.

Koma mbiri ya malemu yeniyeniyo, monga imalembedwa usiku wa tsiku loika ndi mwana kapena mdzukulu wophunzira atazunguliridwa ndi akuluakulu omukumbutsa, imatsata ndondomeko ya buku la mpingo. Imayamba ndi chaka chobadwa, chimene nthawi zambiri chimatengedwa pa chitupa chaunzika ndipo mwina chinali chongoyerekeza cha kalaliki wa boma. Imatchula makolo ndi mudzi, sukulu ngati inalipo, ubatizo, ukwati, chaka chimene malemu anavekedwa yunifolomu ndi maudindo amene anakhalapo. Imafotokoza mwachidule za matenda ndi zipatala zimene anapitako. Ndipo imatsekera ndi chiwerengero cha ana obadwa, ana otsala, zidzukulu ndi zidzukulutudzi. Chiwerengero chomalizachi ndicho chimadzutsa kung'ung'udza kovomereza pakati pa anthu, ndipo mmenemo ndimo mwabisala bele lakale lija, pakuti mpingo umawerenga masakramenti koma mudzi umawerenga mbumba. Zimene pepala limasiya n'zambiri kuposa zimene limanena. Silinena za misika ya m'mbali mwa msewu kumene malemu anagulitsa tomato, bowa ndi masuku kuti ana apite ku sekondale, silinena za chilimba, ndiko kuti kusonkherana ndalama mosinthanasinthana, chimene chinagula malata a nyumba, silinena za mowa umene mwina anafulula mobisa chaka cha njala, kapena za zaka zimene anapirira mwamuna wankhanza, zimene zikatchulidwa n'komwe zimakutidwa ndi mawu amodzi akuti anali mayi wopirira. Mbiri yotere ndi sefa, ndipo wolemba mbiri ya dziko amene angadzaigwiritse ntchito ayenera kudziwa kuti madeya amene anatayidwa anali ndi chakudya chochuluka.

M'badwo wa amayi amene akuikidwa m'zaka zino unasenza katundu amene amayi awo sanamuone. Matenda a Edzi anadziwika ku Zambia m'chaka cha 1984, ndipo m'chaka cha 1987 Kenneth Kaunda analengeza poyera kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene mabanja ambiri ankangoti munthu wadwala nthawi yaitali. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2001 ndi 2002 anapeza kuti pafupifupi anthu 16 pa 100 aliwonse a zaka zapakati pa 15 ndi 49 anali ndi kachilombo ka HIV, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma cha m'ma 2005. Pakati pa zaka zimenezi, zimenenso zinali zaka za kutsekedwa kwa makampani a boma ndi kuchotsedwa kwa anthu ntchito pansi pa ulamuliro wa Frederick Chiluba, odwala ochokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt ankabwerera kumudzi kukafera m'manja mwa amayi awo, ndipo ana awo ankatsalira komweko. Dongosolo la chilengedwe linatembenuka, gogo n'kumaika ana ake ndi kuyambiranso kulera ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Ntchito yosamalira odwala kunyumba, imene chipatala cha Salvation Army cha Chikankata chinaiyambitsa m'chaka cha 1987 ndipo mpingo wa Katolika unaifalitsa kudzera m'miphakati, timagulu ta akhristu oyandikana nyumba timene maepiskopi a kum'mawa kwa Africa a bungwe la AMECEA analimbikitsa kuyambira 1973, inatheka chifukwa cha amayi omwewa ogwira ntchito popanda malipiro. Pamene Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, Chikhristu chimene chinkaoneka m'midzi chinali cha beseni, sopo ndi phala. Ichi ndicho chifukwa chake pa maliro ambiri a masiku ano wolira kwambiri ndi mdzukulu wa zaka makumi atatu amene sadziwa mayi wina koma ambuya akewo, ndipo m'mbiri mumapezeka ana obadwa asanu ndi anayi koma otsala atatu.

Ambiri mwa amayiwa anadutsanso mu umasiye pa nthawi imene kulanda katundu wa womwalira kunali kofala. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 linagawa chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo, koma lamuloli silikhudza nthaka ya mafumu, imene ndiyo nthaka yambiri ya dera ngati Chinyunyu, kotero kuti chitetezo cha mkazi wamasiye wa kumudzi chinatsala m'manja mwa abale ake, a nyakwawa ndi amayi anzake a mpingo, amene kukhalapo kwawo kokha pa nyumba ya siwa nthawi zina kunkachititsa manyazi olandawo.

Mwala wa pamanda ndiwo unabwera pomalizira. Manda akale ankadziwika ndi mulu wa dothi, mtengo kapena ziwiya zoswa za malemu, kenako kunadza mtanda wa matabwa ndi chiliza cha njerwa ndi simenti, ndipo m'zaka zaposachedwa kwafika miyala yosalala yosemedwa mu mzinda, imene imanyamulidwa pa galimoto kutsata Great East Road. Mwambo wovundukula mwala, umene ndi wofala kwambiri ku South Africa ndi ku Zimbabwe, unakhala pa malo pamene panali mowa wotsanzika mzimu: nthawi yake ndi yofanana, pakapita chaka kapena kuposerapo ndipo kawirikawiri m'chilimwe anthu atakolola, banja lonse limaitanidwa, chakudya chimaphikidwa chambiri, ndipo ngakhale mbusa amalalika za kuuka kwa akufa, m'mitima ya ena muli mpumulo wa munthu amene wabweza ngongole kwa gogo amene akanatha kubwera kumaloto. Mipingo ina imaukayikira mwambowu pa chifukwa chomwechi, ndipo ena amadandaula, mwina mosalakwa, kuti ana amene sanatumize ndalama ya mankhwala mayi ali moyo amapeza ndalama ya mwala wodula iye atapita. Palinso mkangano wa malo oika, pakati pa ana okhala mu mzinda amene amafuna manda a Leopards Hill kapena ena a mu Lusaka kumene angathe kufikako mosavuta, ndi abale a kumudzi amene amaona kuti mayi woikidwa kutali ndi amayi ake wadula chingwe chimene chimamanga mbumba ku nthaka yake, ndipo pa nkhani imeneyi malangizo a Monica sanapeze otsatira ambiri. Asoli a Bunda Bunda ali ndi mwambo wa chaka ndi chaka wotchedwa Chibwela Kumushi, wokumbukira kubwerera kumudzi kwa anthu amene anakhala kuminda mpaka kukolola, ndipo maganizo akuti ulendo umathera kumudzi amamveka mwamphamvu pa zokambirana za manda.

Masiku ano mbiri ya malemu imatayipidwa pa kompyuta, imasindikizidwa pa kapepala kopinda kokhala ndi chithunzi cha malemu ali mu yunifolomu, ndipo imatumizidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook kwa abale a ku Johannesburg kapena ku London amene atumiza chipepeso pa foni. Mapepalawa amasungidwa m'masutikesi ndi pakati pa masamba a Baibulo, kumene chiswe ndi chinyezi zimawapeza, pamene mwala umasunga dzina, zaka ziwiri ndi ndime imodzi. Dzina lolembedwa pamwalapo kawirikawiri ndi la ubatizo lotsatiridwa ndi la mwamuna, koma m'banja momwemo mumapezeka kamtsikana kobadwa chaka cha malirowo kamene kanapatsidwa dzina la kumudzi la malemu, ndipo ana a malemuwo, anthu a imvi ndi maudindo awo mu mpingo, amakaitana kamwanako kuti amayi.